Masabata Atatu Amene Ndinanama pa Wailesi

Senderani kuno, ana anga ndi inu adzukulu, mukhale pafupi kuti ndisachite kukuwa. Iwe Lusiya, poti ndiwe mphunzitsi, gwira cholembera ulembe momwe ndikunenera. Usakonze. Ukayamba kuthira mchere wa kushikola kumene umaphunzitsako m'mawu angawa ndidzadziwa, chifukwa ukamaliza udzandiwerengera zonse, ndipo ine chimene ndanena sindiiwala. Za ubwana wanga zilekeni, mulibe kanthu. Ndikufuna mumve za ntchito yanga, chifukwa pamsika pano alipo anthu amene mpaka lero amaloza nyumba ino n'kumati muno ndimo mukhala mayi amene anapha wailesi ya m'dera lino. Mwina akunena zoona. Koma muyambe mwamva kwa ine mwini.

Titabwerako ku Malawi

Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi kumene tinathawira. Bambo anu sanakhalitse, anangolima kangapo n'kutisiya. Ndinakhala ndikugulitsa zitumbuwa mpaka chaka chimene azungu a bungwe lina anabwera kudzamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika wathu uno, panjira yotsikira kunyanja ya Chiuta. Anati ndi wailesi ya anthu a m'dera. Ine ndinalowamo ndi tsache. Ntchito yanga inali kusesa, kutunga madzi ndi kupukuta fumbi pa makina, ndipo mwezi ukatha ankandipatsa kandalama kamene ankakatcha subisidiyo. Ankatikumbutsa kawirikawiri kuti si malipiro ayi, ndi ya sopo. Nonsenu ndinakulerani ndi ya sopoyo.

Mkulu wathu woyamba anali a Matiyasi, munthu wa ku Cuamba, wamtali, wosachedwa kuseka. Woyendetsa makina anali Che Saidi, Msilamu wa kunyanja, amene anasiya usodzi ataphunzira kukonza mawailesi kumsasa wa othawa nkhondo. Owulutsa mawu anali ophunzira a kusekondale, ankabwera n'kumapita ngati mbalame za mpunga.

Tsiku lina m'mawa kunafika munthu pa njinga, thukuta lili kamukamu, kudzanena maliro a mayi wina wa kudoko. Mukudziwa kuti anzathu Achisilamu sagoneka maliro, akamwalira m'mawa dzuwa lisanalowe aikidwa. Owulutsa onse anali kumayeso, ndiye a Matiyasi analemba papepala n'kukhala okha pa maikolofoni. Chinyanja chawo chinali chotsimphina, mayina akuwathyola miyendo. Ine ndili pakhomo ndi tsache ndinalephera kupirira.

Ndinati, "Bambo, mukatero kumandako mupita nokha. Munthu ameneyo palibe amamudziwa ndi dzina la pachiphaso. Nenani kuti Abiti Ndala, amene ankawamba milamba padoko, mlongo wake ali ku Nayuchi kuseri kwa sitesheni."

Anandiyang'ana, n'kudzuka pampando. "Khalani apa, mayi."

"Ine sindidziwa kuwerenga."

"Malemu safuna owerenga," iwo anatero, "afuna owalira."

Ndinakhala. Ndinatchula malemu monga timatchulira kumudzi, mfunda wawo, ana awo, ndi amene ayenera kuthamangira kukauza mnzake wopanda wailesi. Masana anthu anatsika kuchokera mbali zonse ziwiri za malire athu ndi Malawi. Kuyambira tsiku limenelo tsache ndinkaligwira m'mawa, maikolofoni masana.

Patapita nthawi a Matiyasi anandipatsa ntchito ina imene inadzakhala yanga yeniyeni. Ankanditumiza ku Entre Lagos, pamalire paja, tsiku la msika waukulu kuti ndikamve mitengo ya zinthu, ya kwathu kuno ndi ya tsidya la Malawi. Poti sindilemba, ndinkatenga njere za chimanga ndi nyemba n'kumamanga m'ngodya za chitenje. Ngodya iyi ndi nandolo, iyi mpunga, iyi chimanga, iyi matemba. Njere ya chimanga imaimira ndalama zazikulu, nyemba zazing'ono. Lachisanu masana ndinkamasula ngodyazo patebulo n'kuuza dera lonse kuti nandolo akugulidwa mwakuti, mpunga mwakuti. Ogula mbewu akafika m'midzi ndi masikelo awo, amayi ankawayankha kuti, "Si mmene anenera Anambewe." Anambewe ndine. Zaka zonsezo palibe anandigwirapo nditalakwitsa ngakhale nyemba imodzi.

Chaka chimene azungu ananyamuka

Anatichitira phwando. Anagula zakumwa, anatigawira malaya olembedwa kumsana, ndipo mayi wina wachizungu anayankhula nthawi yaitali m'Chipwitikizi. Che Saidi anandimasulira kuti akuti wailesi yakula, tsopano iime ndi miyendo yake. Anatisiyira mabuku atatu ophunzitsa mmene tingapezere ndalama kumakampani ofuna kulengeza malonda awo. Makampani ake ati? Pamsika pano panali chigayo chimodzi ndi bambo wina wogulitsa sopo wodula ndi ulusi. Ameneyo alengeze chiyani, poti aliyense akumuona ali pansi pa mtengo wa mango? Mpaka lero ndikakumbukira phwando limenelo mtima umandiwawa. Anatigulira jenereta yakumwa mafuta ngati ng'ombe yachilimwe, n'kutiuza kuti tiidyetse ndi mabuku.

A Matiyasi sanataye mtima. Anati wofuna uthenga pa wailesi abweretse chimene ali nacho. Anthu ankabwera ndi matemba m'lichero, wina nkhuku, wina mpunga wa m'mbale, wina milamba iwiri yowamba. Ine popita ku Entre Lagos kukamva mitengo ndinkanyamula zonsezo pa njinga, kukagulitsa, n'kubwerako ndi chigubu cha gazolina, mafuta a jenereta. M'nyumba ya wailesi munkanunkha nsomba mpaka m'mawaya. Che Saidi ankati, "Mawailesi ena amayendera magetsi, yathuyi iyendera mlamba." Subisidiyo inkabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Koma sitinatsekepo tsiku ngakhale limodzi, ndipo zaka zimenezo ndi zimene ndimazikumbukira ndi mtima woyera.

Zaka za mafoni

Kenaka kunabwera mafoni. Munthu akamwalira kudoko, asanamutseke ndi maso m'bale wake wa ku Nayuchi wamva kale. Mbuzi ikasowa, mwini wake amaimbira mlamu wake. Malichero a matemba anayamba kuchepa, kenaka anatha. Anthu sanaleke kumvera wailesi ayi, Lachisanu nyumba iliyonse inkatsegula. Analeka kubweretsa kanthu basi. Tinayamba kuwulutsa masana okha, maola awiri, kuti mafuta afike. Ophunzira aja anabalalika. A Matiyasi anapirira mpaka ana awo atayamba kuwabweza kushikola chifukwa chosowa nsapato, ndiye anabwerera kwawo ku Cuamba. Potsanzika anandigwira dzanja nati, "Anambewe, musadzalole kuti munthu akubwerekeni pakamwa." Ndinaseka. Ndinati pakamwa panga ndani angapafune.

M'malo mwawo komiti ya wailesi inabweretsa Sinyoro Jildo, munthu wa mapepala a shikola, nsapato zosongoka, mafuta onunkhira. Tsiku loyamba analamula kuti nsomba zisalowenso mu ofesi. Tsiku lachiwiri anati palibe mawu otuluka pa wailesi osayamba alembedwa papepala ndi kusainidwa ndi iye. Ndinamufunsa kuti nanga ine, amene pepala langa ndi chitenje, asaina pati? Sanaseke. Anati iye azindiwerengera, ine ndiziloweza. Tinatsala atatu: iye, Che Saidi ndi ine.

Sindikuti Sinyoro Jildo anali waulesi. Analemba makalata kumaofesi onse, anapita ku Cuamba, anapita mpaka ku Lichinga. Ankabwerako ndi malonjezo. Malonjezo sayatsa jenereta.

Chaka cha nandolo wambiri

Chaka chimenecho nandolo anabereka mpaka nthambi kugwa. Panali munthu wina wogula mbewu, a Chikopa, mwini lole ziwiri ndi nyumba yosungiramo matumba pafupi ndi msewu. Tsiku lina anaimika galimoto pakhomo pa wailesi n'kutsitsa mgolo wathunthu wa mafuta. Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo mafuta ochuluka chotero pakhomo pathu. Anati azibweretsa mgolo mwezi uliwonse, ndiponso azipereka subisidiyo ya ife atatu. Anandipatsa moni ndi manja awiri, nati, "Amayi athu, mawu anu ndi amene anatilera."

Madzulo ake Sinyoro Jildo anandiitana. Anati kuyambira tsopano palibe chifukwa choti ndizivutika kupalasa njinga mpaka ku Entre Lagos, poti ndakalamba. Mitengo izichokera kwa a Chikopa, papepala. Anatulutsa pepalalo n'kundiwerengera. Linkati ku Entre Lagos nandolo wagwa mtengo, ogula a kunja aleka kugula, ndipo mwezi wamawa adzagwa koposa, choncho wanzeru agulitse msanga kwa ogula apafupi.

Ndinati, "Sinyoro, zimenezi mwaziona ndi maso anu?"

"Zalembedwa."

"Walemba ndi amene akugula."

"Mayi, inu ntchito yanu ndi kunena. Za manambala zisiyeni kwa ife amene tinapita kushikola."

Ndinayang'ana Che Saidi. Iye anali atawerama, akupukuta waya woyera kale. Mkazi wake anali atadwala miyezi yambiri, mimba ikutupa, ndipo kuchipatala anati azipita naye ku Cuamba mwezi ndi mwezi. Titatuluka panja anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mlongo, ndi nyengo imodzi yokha. Nandolo akatha zitha. Ine ndilibe kwina kogwira."

Lachisanu loyamba ndinanena za papepalazo. Ndinadziuza kuti mwina n'zoona, poti sindinapiteko. Lachisanu lachiwiri ndinanenanso. Kenaka mtima unakana kugona, ndipo tsiku la msika ndinakwera njinga osauza munthu, mpaka ku Entre Lagos. Nandolo anali asanagwe. Ogula ankachita kulimbirana matumba pafupi ndi sitesheni, ndipo mtengo wake unali pafupi kuwirikiza kawiri umene a Chikopa ankapereka kwathu kuno. Ndinamanga njere zanga m'ngodya monga kale n'kubwerera.

Tsopano lemba bwino apa, Lusiya, usadumphe. Lachisanu lachitatu, njere zoona zili m'chitenje changa, ndinakhala pa maikolofoni ndi kunenanso bodza lija. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinali nditalandira subisidiyo ya a Chikopa dzulo lake, nditagula malata awiri otseka pamene pankadontha m'chipinda chimene munkagona inu adzukulu oyamba. Ndinanena bwinobwino, ndi mawu omwe aja amene ndinkalengezera maliro.

M'mawa mwake ndinapita kumjigo. Ndinapezako Abiti Mussa, mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti, amene ankalera adzukulu anayi a mwana wake womwalira. Munda wake wa nandolo unali woyandikana ndi wanga, ndipo ndinkamuona akupalira yekha, mwana kumsana. Atandiona anatula ndowa n'kundigwira m'mapewa.

"Anambewe, mwandipulumutsa. Ndinkafuna kusunga nandolo wanga mpaka mlamu wanga apeze njinga yopitira ku Entre Lagos. Nditamva inu dzulo ndinati ayi, kachitatu konse Anambewe sanganame. Ndagulitsa yense kwa a Chikopa. Mulungu akusungeni."

"Yense?"

"Ndasiya wa mbewu basi."

Ndinatunga madzi anga. Ndinasenza ndowa, ndipo pofika kunyumba madzi anali atatayika theka.

Lachisanu lachinayi

Sabata yonseyo sindinauze munthu chimene ndinkaganiza. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikatsegula pakamwa mgolo uja subweranso, ndipo popanda mgolo wailesi yafa. Ndinkadziwanso za mkazi wa Che Saidi. Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Lachinayi ndinali nditatsimikiza zonamanso, Lachisanu m'mawa ndinasintha, popita kuntchito ndinasinthanso.

Sinyoro Jildo anandiwerengera pepala latsopano kawiri, ine n'kubwereza osaphonya liwu. Anakondwa. Iye ankaganiza kuti munthu wosawerenga ali ngati chigubu, chimene wathiramo ndi chimene chituluke. N'chifukwa chake sanaone chifukwa chokhalira kundilondera. Anakwera njinga yake yamoto kupita kwa a Chikopa kumene anamuitanira chakudya cha masana.

Che Saidi anayatsa jenereta, n'kukhala kuseri kwa zenera lagalasi kumene kunali makina, n'kukweza dzanja kuti ndiyambe. Ndinamasula ngodya ya chitenje, njere n'kugwera patebulo. Iye anaziona. Anadziwa.

Ndinati, "Anthu a m'dera lino, ndine Anambewe. Masabata atatu apitawa ndakhala ndikukunamizani. Nandolo sanagwe mtengo ku Entre Lagos. Ndinapitako ndekha, ndinaona ndi maso anga." Ndinatchula mtengo weniweni, kawiri, pang'onopang'ono, kuti ndi ogontha omwe amve. Ndinati mawu amene ndinkanena aja anachokera kwa wogula mbewu amene amatipatsa mafuta, ndipo sabata yachitatu ndinanena ndikudziwa kuti ndi bodza. Ndinati amene nandolo wake akadali m'nyumba asagulitse, apangane ndi anzake abwereke njinga. Ndinati amene anagulitsa chifukwa cha ine, ndilibe chowabwezera, abwere adzanditukwane pakhomo panga, ndidzawayalira mphasa.

Nthawi yonseyo chala cha Che Saidi chinali pa batani lozimitsira mawu. Ndinkachiona. Sanadine. Nditamaliza anaika nyimbo, n'kutuluka, n'kuima pakhomo.

"Mwamaliza?" anatero.

"Ndamaliza."

"Ndiye mundiuze, mlongo. Mwezi wamawa ku Cuamba ndikalipira sitima ndi choonadi chanucho?"

"Bwanji simunazimitse?"

"Musandifunse zimenezo. Mlongo wanga weniweni ali ndi matumba asanu m'nyumba." Analavula pansi. "Koma inu munayenera kundiuza. Mwandiphera mkazi osandipempha."

Mawu amenewo ndikadali nawo.

Sinyoro Jildo anafika fumbi lili koboo, mpunga uli pamalaya. Anakuwa kuti ndine mbuli, kuti ndaluma dzanja londidyetsa, kuti iye wayenda maofesi onse kufuna mafuta pamene ine ndimangodziwa kumanga nyemba m'nsanza. Ndinamuyankha kuti, "Sinyoro, mafutawo munawagula ndi pakamwa panga, osati panu. Inu mukanena mtengo pa wailesi palibe angagulitse ngakhale nkhuku." Tsiku lomwelo madzulo anyamata a a Chikopa anabwera kudzagubuduza mgolo wawo, ndi mafuta otsala omwe.

Msonkhano wa pabwalo la shikola

Tsopano ndifike pamene pali mkwiyo wanga weniweni. A Chikopa sindiwakwiyira kwambiri, fisi ndi fisi. Sinyoro Jildo anali mlendo. Ndimakwiyira anthu anga.

Sabata yotsatira msewu wa ku Entre Lagos unadzaza njinga zonyamula matumba. Amene anali asanagulitse anapeza ndalama imene sanaiyembekeze. Ndinaona malata atsopano akukwera pa nyumba, ndinaona mawailesi atsopano, inde, mawailesi, akugulidwa. Ndiye ndinapempha komiti kuti iitanitse msonkhano. Anthu anabwera ambiri, bwalo la shikola linadzaza. Ndinaimirira n'kunena kuti wailesi ilibe mafuta, ndipo tikafuna kuti isadzagulidwenso ndi munthu mmodzi, tiigule tonse. Sindinapemphe ndalama. Ndinati nyumba iliyonse, pokolola, ipereke mbale imodzi ya nandolo kapena ya mpunga. Mbale imodzi pa chaka. Ine ndemwe ndizikagulitsa, monga ndinkachitira ndi matemba.

Anawomba m'manja. Amayi analuluta. Kenaka anaimirira bambo wina amene ndikumudziwa kuti anagulitsa matumba ambiri ku Entre Lagos chifukwa cha mawu anga, nati, "Wailesi anabweretsa ndi azungu. Alembereni kalata abwere adzathire mafuta." Wina anati ndi ntchito ya boma. Wina anati mawu amayenda mumphepo, nanga mphepo amalipira? Anthu anaseka. Mayi wina anafunsa kuti atsimikiza bwanji kuti nandoloyo sindikadya ndine, poti ndavomera ndekha kuti ndimanama. Ndinabwerera kukakhala pansi.

Tinaika dengu pakhomo pa wailesi mwezi wathunthu. Ndinkakhala pambali pake kuyambira m'mawa. Anthu ankadutsa, kupereka moni, kufunsa kuti, "Nanga Lachisanu lino muyankhula?" n'kupitirira. Zimene zinagwera m'dengumo sizinafike ndi pakati pomwe. Ndipo mbale yoyamba anabweretsa ndi Abiti Mussa. Anabwera ataphimba mbale ndi kansalu, n'kukhuthula osandiyang'ana.

Ndinati, "Abiti, uyu si wa mbewu uja?"

"Ndi yemweyo."

"Bwererani naye. Ine ndinakupwetekani."

"Munandipweteka, inde," anatero. "Usiku sindigona. Koma mukatseka, chaka chamawa andipweteka popanda wondiuza."

Nandolo wa m'dengumo anagula mafuta a masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lomaliza jenereta inazima ndili pakati polengeza za katemera wa ana. Che Saidi anatseka chitseko ndi loko, n'kupereka kiyi kwa wapampando wa komiti. Sitinatsanzikane.

Mudzamva anthu akuti wailesi inafa chifukwa cha pakamwa pa Anambewe. Muziwafunsa kuti mbale yawo inali kuti. Anthu amene ankatsegula wailesi Lachisanu lililonse kwa zaka zonse zija, amene ndinawaitanira abale kumaliro a amayi awo, amene ndinawapezera mbuzi zawo, analephera mbale imodzi. Chinthu chimene sudyetsa wekha, adzakudyetsera wina, ndipo chidzalondera khomo la iyeyo. Ife tinkafuna galu wolondera nyumba zathu koma wodya kwa wakuba.

Za kumene anathera anthu amenewa

A Matiyasi ali ku Cuamba, akugulitsa zitsulo za njinga. Anamva zonse, ndipo ananditumizira chitenje chatsopano popanda uthenga uliwonse.

Sinyoro Jildo sanavutike. A Chikopa anamulemba ntchito yolemba matumba, kenaka anapita ku Nampula. Ndimamva kuti amaphunzitsa anthu mmene angayendetsere mawailesi a m'madera.

A Chikopa ali ndi lole zinayi tsopano. Kanyumba ka wailesi kaja komiti inawabwereketsa, muli matumba mpaka kudenga. Akandiona amandipatsabe moni ndi manja awiri.

Mkazi wa Che Saidi anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Sindikudziwa ngati ulendo wa ku Cuamba ukanamupulumutsa, ndipo sindidzadziwa. Ndinapita kumaliro, ndinakhala kumbuyo kwa amayi onse. Che Saidi anabwerera kunyanja, ali ndi bwato la mwana wa mlongo wake. Tikakumana panjira amayankha moni, koma sanditchulanso kuti mlongo. Amati mayi.

Abiti Mussa alipo, wakalamba ngati ine. Mdzukulu wake wamkulu anasiya shikola chaka chimene chija, poti ndalama ya nandolo sinakwane, ndipo anakwatiwa kudoko akadali wamng'ono. Ana ake ndimawaona akudutsa apa.

Ine ndi uyu mukundionayu. Miyendo yakana njinga, koma nandolo akayamba kuuma ndimalipira wa kabaza kuti andipereke ku Entre Lagos. Ndimazungulira pasitesheni, ndimamva mitengo, ndimabwerera. Ndikatsika sindilowa m'nyumba muno, ndimapita kuseri kwa mzikiti kwa Abiti Mussa. Anthu amadziwa. Ndikamafika ndimapeza amayi atayamba kale kusesa pafupi ndi mpanda wake, abambo akukonza njinga zosawonongeka pansi pa mtengo, makutu ali tcheru. Ine ndimakhala pamphasa, ndimamukokera Abiti pafupi, ndimaphimba pakamwa ndi dzanja, n'kumunong'oneza m'khutu.

Chaka chatha bambo uja wa kalata ya azungu analephera kupirira. Anasuzumira pampanda nati, "Anambewe, kwezani mawu pang'ono, tonse timve."

Ndinati, "Wailesi ino ili ndi womvera mmodzi. Ndi amene analipira."